Dzina la Marie Tharp linatsala patebulo

Pakati pa nyanja ya Atlantic, pansi peni-peni pamene kuwala kwa dzuwa sikufika, pali mtandadza wa mapili umene umadutsa ku Iceland n'kutsika mpaka kum'mwela kwenikweni. Pamwamba pa mapiliwo, pamene munthu angayembekezele nsonga, pali cigwa cakuya cimene cimatsata mtandadza wonse ngati mzele wa pamsana pa munthu. Amene anatsikako m'cigwa ca Luangwa kucokela ku Chipata kupita ku Mfuwe, n'kuona mapili a Muchinga ataima kutsidya ngati cipupa, ali naco kale cithunzi ca zimene ndikamba: nthaka inang'ambika, mbali ziwili zinapatukana, pakati panatitimila. Cigwa ca pansi pa nyanjaco cinaoneka koyamba mu 1952, papepala, patebulo la mzimai wina ku New York dzina lake Marie Tharp. Patapita zaka zinayi, nkhaniyi inalengezedwa kwa akatswili m'pepala lokhala ndi maina awili, Maurice Ewing ndi Bruce Heezen. La a Tharp panalibe.

Nkhaniyi ndinaipeza ndikufufuza zina. Ndimathandiza mongodzipeleka pa wailesi ya m'dela lathu, ndipo omvela angapo anali atafunsa cifukwa cake nthaka imagwedezeka nthawi zina kuno kwathu, pamene tilibe mapili ophulika moto. Kuti tiyankhe bwino ndinafunika kumvetsa za ming'alu ya dziko, ndipo powelenga za ming'aluyo dzina la amai amenewa linali kungosuzumila m'mphepete mwa nkhani, ngati munthu amene waima kumbuyo pa cithunzi ca ukwati. Funso la zivomezi tinaliyankha m'mphindi khumi. La dzina losowalo lakhala nane miyezi.

Marie Tharp anabadwa mu 1920 ku Ypsilanti, m'cigawo ca Michigan ku America. Atate awo anali kugwila nchito ya boma yopima nthaka ndi kujambula mapu a dothi, ndipo cifukwa ca nchitoyo banja linali kusamuka-samuka, moti mwanayo anadutsa m'masukulu oposa khumi asanamalize sekondale. Ku yunivesiti anayamba ndi Cingelezi ndi nyimbo, panthawi imene mtsikana wophunzila anali kuyembekezeledwa kukhala mphunzitsi, nesi kapena kalaliki wa mu ofesi. Imene inawatsegulila khomo la sayansi ya miyala ndi nkhondo yaciwili ya padziko lonse. Anyamata atapita kunkhondo, makampani a mafuta anasowa anchito, ndipo University of Michigan inayamba kuitana atsikana kuti aphunzile za miyala ndi mafuta a pansi pa nthaka. A Tharp anatenga digili yaciwili kumeneko, anakagwila nchito pa kampani ya mafuta ku Tulsa, ndipo ali komweko anawonjezela digili ya masamu. Mu 1948 anafika ku Columbia University ali ndi madigili atatu. Nchito imene gulu la a Ewing linawapatsa inali yojambula, kutanthauza kusamutsila pa mapepala aakulu manambala amene amuna anali kubwela nawo.

Manambalawo anali kucokela m'sitima zofufuza za m'nyanja, ndipo m'masiku amenewo mkazi sanali kuloledwa kukwela sitima zimenezo. Anali kupita ndi Bruce Heezen, mnyamata amene anali wamng'ono kwa a Tharp ndi zaka zinayi ndipo anali akali wophunzila. Kapimidwe kake kanali kotele: makina a pansi pa sitima anali kutumiza phokoso m'madzi, phokosolo linali kugunda pansi n'kubwelela, monga mmene mau amabwelela ukafuula pafupi ndi phili. M'madzi a m'nyanja phokoso limayenda mamita pafupi-fupi 1,500 pa sekondi, conco likatenga masekondi 4 kupita ndi kubwela, ndiye kuti pamenepo m'pakuya mamita 3,000. Makinawo anali kulemba zimenezi pa mpukutu wa pepala usana ndi usiku. Sitima ikabwelako, mipukutu yonse inali kuthela patebulo la a Tharp, pamodzi ndi zolemba zoonetsa pamene sitima inali pa ola lililonse.

Liu lakuti kujambula limabisa zambili. Sitima imapima mzele umodzi cabe, pamene yadutsa. Pakati pa mzele umenewo ndi unzake pangakhale makilomita mahandiledi osapimidwa. Tiyelekeze kuti mwapatsidwa manambala oonetsa kukwela ndi kutsika kwa nthaka m'mbali mwa Great East Road cabe, kucokela ku Lusaka kufika ku Chipata, komanso m'mbali mwa Great North Road kufika ku Mpika. Ndiyeno akuuzani kuti mujambule mapili ndi zigwa zonse za pakati pa misewu iwiliyi, inu simunapondekoko. Pa manambala anu mudzaona kuti msewu watsika kwambili pa mlatho wa Luangwa n'kukwelanso. Koma kuti mudziwe kuti kutsika kumeneko ndi kacigawo ka cigwa cacikulu cimene capita kutali kumpoto, lula ndi pensulo sizingakuuzeni. Mufunika kudziwa mmene mapili amapangikila, kusiyana kwa cigwa cokumbidwa ndi madzi ndi cigwa cobwela cifukwa ca kung'ambika kwa nthaka, ndiponso pamene makina angakhale atanama cifukwa sitima inatengedwa ndi mafunde n'kucoka pa njila yake. Imeneyo ndi sayansi yeni-yeni, ndipo ndiyo imene amai amenewa anali kucita tsiku ndi tsiku, pamene pa mndandanda wa anchito anali olembedwa kuti wojambula.

Mu 1952 anali ndi mizele 6 yodutsa Atlantic ya kumpoto, kucokela kumbali ya America kupita kumbali ya Europe ndi Africa. Ataiyala pamodzi, anaona kuti pa mzele uliwonse, pamwamba pa mapili a pakati, pali kamphako kooneka ngati cilembo ca V. Mapili ena sanali kugwilizana bwino kucokela pa mzele umodzi kupita pa unzake, koma kamphako kameneka kanali kupezeka ponse. Iwo anati ici n'cigwa cimodzi cacitali, ndipo cigwa ca maonekedwe amenewa cimatanthauza kuti pansi pa nyanja pakung'ambika.

Mau amenewo anali oopsa kuwakamba. Kale mu 1912 katswili wa ku Germany, Alfred Wegener, anali atanena kuti makontinenti anali ogwilizana ndipo anapatukana pang'ono-pang'ono. Aliyense angaone pa mapu kuti gombe la South America likwana m'gombe la Africa ngati zidutswa za mbale yosweka. Koma Wegener sanathe kufotokoza mokhutilitsa mphamvu imene ingakankhe kontinenti yonse, ndipo ku America m'zaka za m'ma 1950 maganizo ake anali oseketsa. Wophunzila wacinyamata amene akanaoneka kuti awakonda akanaziwonongela tsogolo. Malinga ndi mmene a Tharp anasimbila pambuyo pake, Heezen ataona zimene anajambula anati ni nkhani za atsikana cabe, ndipo anawauza kuti abwelezenso nchito yonse. Anabweleza. Cigwa cinatulukanso pamalo pomwepo.

Cimene cinasintha maganizo a Heezen ndi nchito ina imene inali kucitika m'cipinda comweco. Kampani ya matelefoni inali kufuna kudziwa malo a pansi pa nyanja pamene nthambo zake zingaduke, conco munthu wina dzina lake Howard Foster anapatsidwa nchito yoika kadontho pa mapu paliponse pamene panayambila civomezi ca m'nyanja. Mapu ake ndi a a Tharp anali a muyeso umodzi. Atawasanjika pa tebulo loyaka magetsi kunsi, timadontho ta zivomezi tinagwela ndendende m'cigwa cija. Pofika mu 1953 Heezen anavomela kuti cigwaco ciliko. Kucokela pamenepo anayamba kutsata timadontho ta zivomezi kumalo kumene sitima zinali zisanapimeko: kutsika kum'mwela kwa Atlantic, kuzungulila pansi pa Africa, kukwela m'nyanja ya Indian Ocean, kulowa ku Gulf of Aden, mpaka kukagunda pamtunda ndi kulumikizana ndi ming'alu ya kum'mawa kwa Africa. Lelo tidziwa kuti mtandadza wonsewo ndi wautali makilomita pafupi-fupi 65,000, ndipo umazungulila dziko lonse.

Apa m'pamene nkhaniyi itikhudza ife. Ming'alu ya kum'mawa kwa Africa ndi imene inapanga Lake Malawi ndi Lake Tanganyika, nyanja ya ku Mpulungu imene kuya kwake kumapitilila mamita 1,400. Cigwa ca pansi pa Atlantic panalibe amene akanacipondapo, koma zigwa za ku Africa anthu anali ataziyenda ndi kuzipima, ndipo maonekedwe ake anafanana ndi zimene zinali patebulo la a Tharp. Tinganene kuti nthaka ya kuno kwathu inawaimila umboni.

Ndiyeno mu 1956 pepala linatuluka ndi maina a amuna awili. Ambili sanakhulupililebe. Jacques Cousteau, Mfalansa wochuka pa zoyenda pansi pa madzi, anadutsa Atlantic akukoka kamela kumbuyo kwa sitima yake ali ndi maganizo akuti cigwaco kulibe. Filimu imene anabwela nayo, n'kuionetsa pa msonkhano waukulu wa akatswili a zanyanja ku New York mu 1959, inaonetsa zipupa zakuda za cigwa comweco. M'zaka zotsatila Harry Hess, Fred Vine, Drummond Matthews ndi ena anafotokoza mmene miyala yosungunuka imakwelela m'mng'aluwo, kuuma, ndi kukankhila mbali ziwili za nyanja kutali, masentimita ocepa pa caka, liwilo lofanana ndi kukula kwa zikhadabo. Zimene Wegener anali kusekedwa nazo zinakhala zophunzitsa ana asukulu.

Sikuti dzina la a Tharp linafufutidwa paliponse. Pa mapu a Atlantic ya kumpoto a mu 1957 lilipo, ndipo pa buku la mu 1959 lochedwa The Floors of the Oceans lili pakati pa la Heezen ndi la Ewing. Kumene linasowa ndi ku mapepala okamba tanthauzo la zimene zinapezeka. Anagawana motele: cithunzi n'ca mkazi, ganizo n'la amuna. Koma ganizo lakuti ici n'cigwa ca mng'alu, woyamba kulikamba anali mkaziyo, ndipo woyamba kulikana anali mwamuna amene pambuyo pake analisainila.

Wina angati, nanga dzina papepala lili ndi nchito yanji, popeza cigwa cinapezeka ndipo dziko linapindula? M'sayansi dzina papepala ndiye ndalama. Munthu akafunsila nchito ya uphunzitsi pa yunivesiti amawelenga mapepala ake. Akapempha ndalama zofufuzila amayang'ana mapepala ake, ndiponso kangati ena anawachula m'mapepala awo. Ngakhale malo a dzinalo ali ndi tanthauzo: loyamba nthawi zambili ndi la amene anagwila nchito yaikulu, ndipo pepala likakhala ndi olemba ambili, ena akamalichula amalemba dzina loyambalo cabe n'kuwonjezela kuti ndi anzake. Kumapeto kwa pepala kumakhala kandime ka zikomo, kothokoza amene anataipa, amene anajambula, amene anasamalila makina. Kandime kameneko palibe amene amakawelengela pokweza munthu pa nchito. Conco cisankho cakuti uyu alowe pamwamba ndipo uyu apite ku zikomo cimagamula amene adzakhala pulofesa ndi amene adzakhalabe wothandiza mpaka kupuma pa nchito. Ndipo kwa a Tharp cisankhoco cinapangidwa kale pepala lisanalembedwe, tsiku limene ananenedwa kuti sangakwele sitima. Wopita kunyanja ndiye mwini manambala, mwini manambala ndiye mwini pepala.

Ine ndilibe digili. Ndili ndi satifiketi ya kukoleji, ndipo ku wailesi sindilandila malipilo kupatulapo ya thilansipoti ikapezeka. Koma mtundu wa nchito imeneyi ndiudziwa. Pa pulogilamu yathu ya zaulimi, amene amapita kumidzi ndi foni kukatenga mau a alimi nthawi zambili ndife atsikana ndi azimai. Tikabwelako timamvetsela, kudula, ndi kulemba zoti ziwelengedwe. Lipoti la zanyengo limabwela m'Cingelezi, ndipo wina afunika kulisandutsa Cinyanja cimene ambuya a kumudzi angamve n'kusankhilapo tsiku lobyala. Akalemba kuti mwayi wa mvula ndi 60 pa 100, sungawelenge conco pa wailesi. Ufunika kusankha ngati unene kuti mvula ingagwe, kapena iyembekezeka, kapena musaidalile kwambili, ndipo pa mau amenewo pakhala thumba la mbewu limene munthu anagula ndi nkhongole. Zikatha zonsezi, pepala limapita kwa akulu amene amakhala pa maikolofoni. Amawelenga bwino, mau awo ndi okoma, ndipo pomaliza amati munali ndi ine, n'kuchula dzina lawo.

Si anthu oipa. Tikatuluka mu situdiyo amatithokoza, nthawi zina amatigulilako ndi zakumwa. Koma bungwe lina litabwela kudzafuna munthu wodziwa nkhani zanyengo kuti akaphunzile ku Lusaka, linafunsa dzina limene linamva pa wailesi. Mnzanga wina amene analemba mapulogilamu amenewo kwa zaka zitatu anapita kukafunsila nchito kwina, ndipo atamufunsa umboni wa zimene anacitapo analibe coonetsa, kaili mau a m'mapulogilamu onse anali a munthu wina. Titapempha kuti maina a olemba azichulidwa kumapeto, yankho linali lakuti nthawi ya pa wailesi ndi yodula. Kuchula maina atatu kumatenga masekondi osakwana khumi. Ndinapima.

N'cifukwa cake sindiwelenga nkhani ya a Tharp ngati ya mbava ndi wobeledwa. Heezen anagwila nawo nchito zaka pafupi-fupi 30, ndipo awiliwa anali ogwilizana kwambili ngakhale anali kukangana kawili-kawili. Cimene ndimaona ndi cizolowezi, cimene munthu wabwino amacitsata popanda kudzimva kuti walakwa. Cizolowezico n'cakale mu sayansi ya miyala. Ku England, Mary Anning, mwana wa kalipentala wa ku Lyme Regis, anali kukumba m'magombe mafupa a zamoyo zakale amene anasanduka miyala. Mu 1823 anapeza mafupa athunthu a cinyama ca m'madzi ca khosi lalitali cochedwa Plesiosaurus. Caka cotsatila William Conybeare anakafotokoza mafupawo ku Geological Society ku London popanda kuchula amene anawapeza. Mwiniwakeyo sakanatha kuimilila kuti adzikambile, cifukwa bungwelo linayamba kulandila akazi monga mamembala mu 1919, iye atamwalila kalekale. Wosiyana ndi awiliwa ndi Inge Lehmann wa ku Denmark, amene mu 1936 anaonetsa, poona mmene mafunde a zivomezi amayendela m'kati mwa dziko, kuti pakati peni-peni pa dziko pali cigawo cina capadela. Iye anali mkulu wa nthambi ya zivomezi m'bungwe la boma, analemba pepala lake yekha, ndipo dzina lake linakhala. Nzelu anali nazo onse atatu. Amene anali ndi mpando ndi mmodzi.

Nanga lelo? Sitima zinatseguka, ndipo m'makalasi a sayansi ya dziko atsikana ndi ambili kuposa kale. Koma manambala amene alipo aonetsa kuti cizolowezi cija cangosintha malaya. Pepala la sayansi lisanasindikizidwe limatumizidwa kwa akatswili ena kuti alipende, ndipo kupemphedwa kupenda ndi njila imodzi imene munthu amadziwikila kwa akonzi a magazini. Mu 2017 Jory Lerback ndi Brooks Hanson anawelenga zolembedwa za magazini a American Geophysical Union, limodzi la mabungwe aakulu a akatswili a sayansi ya dziko, za m'zaka za 2012 mpaka 2015. Anapeza kuti akazi anali pafupi-fupi mmodzi pa olemba oyamba anayi alionse, koma pa openda anali mmodzi pa asanu. Olemba ndi akonzi, maka-maka aamuna, anali kuchula maina a akazi mocepa akafunsidwa kuti ndani angapende. Cimene cinandigwila mtima n'cakuti mapepala otsogoleledwa ndi akazi anali kuvomelezedwa kwambili pang'ono kuposa a amuna. Conco vuto silinali ubwino wa nchito. Kwa ine zimenezi zimveka ngati zija za a Tharp, zobweleza nchito kawili usanaionetse, cifukwa udziwa kuti ukaphonya kamodzi adzati ni nkhani za atsikana.

Kafukufuku wina anacitikila pamalo pomwe a Tharp anali kugwila nchito, pamene lelo pachedwa Lamont-Doherty Earth Observatory. Kuheli Dutt ndi anzake anawelenga makalata 1,224 oyamikila anthu amene anali kufunsila malo ofufuzila atamaliza digili ya udokotala, ndipo anafalitsa zimene anapeza mu 2016. Mwayi wakuti mkazi alembeledwe kalata yomutamanda kuti ndi wapamwamba unali pafupi-fupi hafu ya wa mwamuna. Akazi ambili anali kulembeledwa makalata abwino cabe, onena kuti munthuyu ndi wakhama ndi wodalilika. Ndipo zinalibe kanthu kaya wolemba kalatayo ndi mwamuna kapena mkazi. Mfundo yomalizayi imandiwawa, koma ndiivomeleza, cifukwa ngakhale ku wailesi kwathu azimai anzathu amene amatumiza mauthenga oyamikila pulogilamu amayamikila mwini mau. Mu 2022 magazini ya Nature inafalitsanso kafukufuku amene anayelekezela maina a anthu olipidwa m'magulu ofufuza a m'mayunivesiti a ku America ndi maina amene anatuluka pa mapepala a maguluwo. M'nthambi zosiyana-siyana za sayansi, mwayi wa mkazi wolembedwa papepala la gulu lake lomwe unali wocepelapo ndi pafupi-fupi 13 pelesenti.

Kwa mtsikana wa kuno amene aphunzila za miyala ku School of Mines pa UNZA, pali khomo laciwili. Mu 2020 ofufuza a ku South Africa anapenda magazini apamwamba a sayansi ya dziko ndipo anapeza kuti nkhani zokamba za Africa zinali zosakwana 4 pa 100, ndiponso kuti pa nkhani zocepazo, 30 pa 100 cabe zinali ndi wolemba wa ku Africa. Dziko lathu lakumbidwa ndi kupimidwa kwa zaka zoposa 100, ndipo nkhani ya maina osowa tiidziwa. Cigaza cochuka ca ku Kabwe cinapezeka mu mgodi wa Broken Hill mu 1921. Mabuku amachula Tom Zwiglaar, mzungu wa ku Switzerland, ndipo amangowonjezela kuti anali ndi wanchito wina wa ciAfrica amene dzina lake silinalembedwe. Cigazaco cikali ku London. Gulu la akatswili akunja likabwela kudzatenga zidutswa za miyala ku Copperbelt kapena m'cigwa ca Luangwa, pamakhala wina wa kuno amene adziwa njila, amene akamba ndi amfumu, amene alemba manambala pa matumba ndi kusunga buku la kumene mwala uliwonse unatengedwa. Ndikamva za maulendo otelo ndimafuna kuona pepala limene lidzatulukapo, kuti ndione ngati iye ali pamwamba kapena ku zikomo.

A Tharp anakwela sitima yofufuza koyamba m'zaka za m'ma 1960, patapita zaka zoposa 15 ciyambile nchito. Panthawiyo Ewing ndi Heezen anali atayambana koopsa, ndipo mkanganowo unacititsa kuti amaiwa azigwilila nchito kunyumba kwawo ku Nyack, m'zipinda zodzala ndi mipukutu ya mapepala. Kumeneko anapitiliza kujambula nyanja imodzi-imodzi. Mogwilizana ndi katswili wa zopentapenta wa ku Austria, Heinrich Berann, mapu awo anayamba kutuluka m'magazini ya National Geographic, ndipo mu 1977 anatulutsa mapu a pansi pa nyanja zonse za padziko, aja amene amaonetsa dziko ngati madzi onse aphwa. Mapu amenewo ali ndi maina onse awili, Heezen ndi Tharp. Heezen anamwalila caka comweco ndi matenda a mtima, ali m'sitima yoyenda pansi pa madzi kufupi ndi Iceland. Atamwalila, a Tharp anathela zaka zawo zambili akugulitsa mapu kucokela kunyumba.

Ulemu unabwela mocedwa, ndipo unabwela wambili. Mu 1997 Library of Congress inawachula pakati pa akatswili a mapu opambana a m'zaka za m'ma 1900. Mu 2020 malo awo akale a nchito anakhala ndi mtsogoleli wamkazi kwa nthawi yoyamba, Maureen Raymo. Pepala la 1956 lili mmene linalili, cifukwa mapepala a sayansi sawonjezelapo dzina pambuyo pa zaka. Mu 2023 asilikali a pamadzi a ku America anafuna kucotsa pa sitima yawo ina dzina la Matthew Fontaine Maury, katswili wakale wa zanyanja amene pa nkhondo ya paciweniweni anatumikila mbali imene inali kuteteza ukapolo. Pofuna dzina lina loikapo anasankha la Marie Tharp. Nchito ya sitimayo ndi kupima kuya kwa nyanja. Mwini dzina anamwalila mu 2006, ali ndi zaka 86.